Fayilo ya Ana a Giredi 7 Itakana Kutseguka

Kompyuta inazima Lachiwiri masana, Bertha Sakala ali mkati molemba za mwana wa 38 pa mndandanda wa ana 41 amene anayenera kulembetsa mayeso a Giredi 7. Panja panamveka kuthetheka kwa makina owotcherera zitsulo, kenako nyumba yonse inangoti zii, galasi la kompyuta n'kuda.

"Atate ake Mtendere, mwachita chani kunja uko?" anafunsa Bertha ali pa mpando.

Mwamuna wake, Lastone, anasuzumira pakhomo atakweza magalasi akuda pamphumi. "Yagwetsa chabe switchi ya pa mita. Nayatsa manje manje, osadandaula."

Anakakwezadi switchi ija, magetsi n'kubwera. Kompyuta inalira monga mwa masiku onse n'kuyaka. Bertha anapumira m'mwamba. Koma atadina pa fayilo ya ana a sukulu, pagalasi panatuluka kabokosi ka mawu achingerezi konena kuti pulogalamuyo siikuizindikira fayiloyo, mwina yawonongeka. Anadinanso. Kabokosi komweko. Anazimitsa kompyuta, nayatsanso, nadina kachitatu. Palibe chinasintha.

Chinali chaka cha 1999, mwezi wa Febuluwale. Zaka zitatu m'mbuyomo, Bertha ndi Lastone onse awiri anali pa ntchito pa fakitale ina ku Industrial Area ya Kafue, iye wotayipa makalata, mwamuna wake wokonza makina. Makolo awo anachokera ku Katete kalekale kutsata ntchito za njanji, ndipo iwo anakula akudziwa kuti munthu wa mu Kafue amadzuka ndi kulira kwa belu la fakitale. Makampani atayamba kugulitsidwa, onse awiri analandira makalata owachotsa ntchito sabata imodzi. Lastone anagula makina owotcherera n'kuyamba kupanga mageti ndi mbaula pabwalo la nyumba. Bertha, poona ana ambiri akungoyendayenda m'komboni chifukwa makolo sankakwanitsa yunifomu ndi zolipira, anagwirizana ndi azimayi anzake atatu a ku tchalitchi n'kutsegula sukulu ya m'dera m'nyumba yakale imene inali tavani yogulitsiramo mowa. Tsopano sukuluyo inali ndi ana 296, ambiri mwa iwo amasiye.

Kompyutayo anapatsidwa ndi ofesi ina imene inkatseka. Inkakhala pabalaza kwa a Sakala chifukwa kusukulu kunalibe magetsi. M'menemo Bertha anasungamo kaundula wa ana onse: dzina lonse, tsiku lobadwa, amene amamusunga, kumene amakhala, ndiponso ngati makolo ali moyo. Zambirizi anazitolera kwa zaka ziwiri, akuyenda khomo ndi khomo kukopera pa makadi a sikelo ndi mapepala aubatizo. Akangozilowetsa m'kompyuta, timapepala timene analembapo ankakolezera mbaula. Ankaona kuti chinthu chikalowa m'makina ndiye kuti chasungika.

Mafomu a mayeso anayenera kufika Lachisanu ku sukulu ya boma kumene ana akewo ankakalembera. Mphunzitsi wamkulu wa kumeneko anali atanena kale poyera kuti fomu yopanda tsiku lobadwa, kapena ya dzina losiyana ndi la pa khadi, sadzailandira. Mwana wotsala akanadikira chaka chamawa. Ndipo Bertha ankadziwa kuti ena mwa ana amenewa, makamaka atsikana aakuluakulu, chaka chamawa sadzapezekanso pa benchi.

Lastone analowa m'nyumba akupukuta manja. Ataona nkhope ya mkazi wake anaima.

"Yakana?"

"Yakana. Zonse zili mmenemo, atate ake Mtendere. Mabuku ya aphunzitsi yali na maina chabe. Masiku yobadwa yonse yali mmenemu."

"Sininadziwe kuti muli pa kompyuta."

"Ninakuuzani m'mawa."

Lastone anadziwa kuti anauzidwadi. Mwini geti anali akumukakamiza, ndipo iye anaganiza kuti kuwotcherera kamodzi kokha sikungavute.

M'mawa mwake analawirira kumsika n'kubwera ndi Oliver, bambo wokonza mawailesi ndi ma TV, amenenso anali atayamba kugwirako makompyuta. Oliver anayang'ana kabokosi kaja, nagwedeza mutu, natulutsa madisiketi, timbale tosungirapo za m'kompyuta, m'thumba la jekete.

"Amayi, ine nizakamba chilungamo," anatero. "Chamene nidziwa ni kuchotsa vonse na kuikamo vatsopano. Makina yazasebenza monga yanyowani. Koma vamene vili mkati vizayenda."

"Vizayenda kuti?"

"Vizafafanizika. Kulibe kubwela."

"Basi osagwira," anatero Bertha, dzanja lake lili pamwamba pa kompyuta.

Oliver sanakhumudwe. Anabweza madisiketi ake m'thumba. "Mwachita bwino kukana. Nanga ba Winfrida simunawafunse? Si aneba anu? Aja ndiye anali kusunga maina ya antchito onse ku fakitale. Ivi ni vawo."

Bertha anayang'ana pansi. Winfrida Mulenga ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwawo, ndipo tsopano ankasunga makaundula a odwala pa kiliniki ina ya mishoni. Bertha anali atamuganizira kuyambira dzulo lake, koma manyazi anamugwira. Chaka chatha Winfrida anamupatsa bokosi la madisiketi khumi, namuuza kuti azikopera fayiloyo Lachisanu lililonse. Bertha anakopera kamodzi kokha, mu Okutobala. Madisiketi ena asanu ndi anayi anali akadali m'pulasitiki mwake, pamwamba pa kabati.

Lastone ndiye anapita. Anamupeza Winfrida akutseka chitseko kuti azipita ku ntchito, namufotokozera zonse, osabisa kuti wolakwa ndi iye. Winfrida anamvetsera, kenako anafunsa funso limodzi.

"Kuchokela pamene inazima, mwaiyesa kangati kuitsegula?"

"Kaya, mwina kasanu. Na lelo m'mawa ayesanso."

"Bauzeni bamake Mtendere baleke. Bazimye bwino kompyuta, basaigwilenso mpaka nibwele. Nizapempha kuchoka pa 13 koloko."

Anafikadi nthawi imeneyo, atanyamula ambulera ndi kabokosi kake ka madisiketi. Bertha anayamba kupepesa asanakhale n'komwe pansi.

"Ba Winfrida, munaniuza. Ine sininamve."

"Ivo tizakamba pambuyo," anatero Winfrida, akukoka mpando. "Naine ninataya maina ya bantu mazana atatu mu 1993, ninalila mu toileti ya ku ofesi. Palibe wamene anabadwa odziwa. Tiyeni tione."

Atayatsa kompyuta, sanadine pa fayiloyo ayi. Anatsegula malo amene mafayilo onse amaonekera m'ndandanda, naloza ndi chala.

"Onani apa. Fayilo yanu ilipo, na kukula kwake kukali kwamene kuja. Sinafafanizike. Chamene chachitika ni ichi: pamene malaiti yanayenda, kompyuta inali pakati polemba. Vili monga muntu akusoka buku, nyuleti yosokela yaduka pakati. Mapepa yalipo, koma siyanamangike bwino, ndiye pulogalamu ikuopa kutsegula."

"Ndiye tingaikonze?"

"Mwina. Koma choyamba sitikonza. Choyamba tikopela."

Anaika disiketi yatsopano, nakopera fayilo yowonongekayo mmene inalili. Anatulutsa, nalembapo ndi bolopeni kuti "Yowonongeka, osagwira", naika pambali. Anakoperanso pa disiketi yachiwiri. Kenako anapanga kope lachitatu m'kompyuta momwemo n'kulipatsa dzina lina.

Lastone, amene anaima pakhomo, anafunsa kuti n'chifukwa chiyani akusunga chinthu chowonongeka.

"Ba Sakala, muntu akakubweletselani chitsulo chimodzi chabe, chamene kulibe chinzake, mumayamba kudula pamene apo?"

"Iyayi. Nimayamba nayesa pa chidutswa china."

"Ni chimodzimodzi. Kukonza nthawi zina kumaononga kupitilila. Tikayesa pa kope, ikaonongeka, titenga ina. Tikayesa pa yeniyeni, ikaonongeka, kwatha."

Atatero anauza kompyuta kuti ifufuze ngati disiki yake yaikulu ya mkati ili bwino. Panatenga nthawi. Bertha anapanga tiyi amene palibe anamumwa. Zotsatira zinasonyeza kuti disikiyo inalibe vuto. Winfrida anaonetsanso Bertha kafayilo kena kakang'ono kamene kanali pafupi ndi fayilo ya ana. Anafotokoza kuti pulogalamu imakapanga munthu akatsegula kaundula, ngati chizindikiro chakuti muli munthu mkati, ndipo imakachotsa yokha akatseka bwino. Popeza magetsi anathima mwadzidzidzi, kanatsalira. Ataonetsetsa kuti pulogalamuyo ndi yotseka, anakachotsa.

Tsopano anatsegula pulogalamu ija payokha, napita pamene pali lamulo lokonzera kaundula wowonongeka, nalilozera ku kope lija. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pansi pa galasi. Kanafika pakati, kanaima. Anadikira. Patapita mphindi zingapo panatuluka uthenga wakuti kukonzako kwalephera.

Bertha anagwira kukamwa. Lastone anatuluka panja mwakachetechete.

"Musataye mtima," anatero Winfrida. "Iyi inali njila yoyamba chabe. Mwaona chifukwa chake tinakopela? Iyi yamene tayesapo taitaya. Titenga ina."

Anatenga kope latsopano kuchokera pa disiketi yachiwiri. Ulendo uno sanayese kulikonza. Anapanga kaundula watsopano wopanda kanthu, n'kuyamba kusamutsiramo zinthu kuchokera mu wowonongekayo, gawo limodzi pa nthawi. Anati zili ngati nyumba imene chitseko chake chakana: m'malo molimbana ndi loko, umatulutsa katundu pawindo n'kukamuika m'nyumba ina.

Gawo la aphunzitsi linasamuka lonse. Gawo la osunga ana linasamukanso. Bertha anaona mayina amene ankawadziwa akutuluka pagalasi, agogo a ku Shimabala, azakhali a ku Zambia Compound, ndipo anayamba kuwatchula chapansipansi ngati akuitana anthu pa msonkhano. Koma gawo lalikulu, la ana enieniwo, linakana.

"Muli mizele ina yoola mkati," anatero Winfrida. "Ikafika pamene apo, iima. Tizatenga pang'ono pang'ono. Ana anu muli nawo na manambala?"

"Aliyense ali na nambala yake, kuyambira pa nambala wanu."

"Mwatithandiza."

Anayamba kusamutsa ana makumi asanu pa nthawi. Kuyambira 1 mpaka 50 anadutsa. Mpaka 100 anadutsa. Mpaka 250 zinayenda bwino. Gulu lotsatira linakana. Winfrida analigawa pakati, theka lina n'kudutsa, lina n'kukana. Anagawanso lokanalo, nagawanso, mpaka anatsala ndi mizere yeniyeni yovutayo. Imeneyo ankailumpha, Bertha n'kumalemba manambala ake papepala. Inali ntchito yotopetsa. Mvula inagwa n'kukata iwo ali pomwepo. Lastone sanayatse makina ake tsiku lonselo. Anakhala pakhonde akupala dzimbiri pa geti ndi pepala lokhakhala, khutu lili m'nyumba.

Itakwana 17 koloko, Winfrida anawerenga. Ana 287 anali atasamuka bwinobwino. Asanu ndi anayi anatsala. M'malo mwa mayina awo munali tizizindikiro tosawerengeka.

"Manje disiketi ija ya mu Okutobala ili kuti?" anafunsa.

Bertha anakaitenga mu Baibulo mmene anaisunga. Itatsegulidwa, ana asanu ndi mmodzi mwa asanu ndi anayi aja anapezekamo, zonse zili bwino.

"Mwaona? Kamodzi kamene munakopela kabweza ana sikisi," anatero Winfrida. "Ganizani mukanakopela sabata yatha."

Atatu otsalawo analowa sukulu mu Januwale, choncho pa disiketi yakaleyo panalibe. Poyerekeza manambala ndi mabuku oitanira mayina a aphunzitsi, anawadziwa. Awiri anali a Giredi 3 okhala m'komboni momwemo, ndipo za iwo zikanatha kudikira. Wachitatu anali wa Giredi 7, Favour Hamoonga, yemwe Bertha ankalemba za iye pamene magetsi anathima.

Favour anali mtsikana wamtali, wofatsa, wamkulu kuposa anzake onse m'kalasi. Makolo ake onse anamwalira ali wamng'ono. Anakulira kwa amalume ake, asodzi a ku Chanyanya, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, ndipo anasiya sukulu zaka ziwiri akuthandiza kuyanika nsomba. Mu Januwale mayi wina wa ku tchalitchi anamutenga kuti azikhala naye m'tauni n'kumaliza Giredi 7. Amalumewo anabwera ndi khadi lake la sikelo tsiku lomulembetsa, Bertha n'kukopera pa kapepala kamene pambuyo pake anakolezera mbaula, iwo n'kubwerera nalo kumtsinje.

Winfrida asanapite anachita chinthu china. Anauza Bertha kuti asangokhulupirira kuti zonse zimene zasamuka zili bwino. Anasindikiza mndandanda wa ana 40 a Giredi 7 pa makina osindikizira akale a Bertha, olira ngati chiwala, nati mawa aliyense abwere ndi khadi lake kapena womusunga, aone ngati zolembedwazo n'zoona. Kenako anakopera kaundula watsopanoyo pa madisiketi awiri. Imodzi anapatsa Bertha, ina anaika m'chikwama chake.

"Iyi igona kwanga. Nyumba ingapse, kawalala angalowe. Vonse visakhale pa malo yamodzi."

Madzulo omwewo Bertha anaitanitsa Favour n'kumufunsa tsiku lake lobadwa. Mtsikanayo anapotokola nsonga ya chitenje.

"Amalume amakamba kuti ni chaka chamene madzi yanalowa mu manyumba. Niganiza ni 1985. Mwezi sinidziwa, aticha."

Atachoka, Lastone anati, "Nanga osangolemba 1985, pa 1 Januwale? Ndani azadziwa?"

"Satifiketi izamutsata moyo wake wonse," anayankha Bertha. "Akazapita kutenga chitupa, masiku yakasiyana, azavutika ni iye. Sinilemba chinthu chongoganiza."

Lastone anaimirira. "Basi nizapita ku Chanyanya. Nine ninazimya."

Lachinayi kusanache bwino anapopa njinga n'kunyamuka. Msewu unali matope okhaokha. Malo ena ankatsika n'kuinyamula njingayo paphewa, akudutsana ndi azimayi ogula nsomba amene ankabwera ndi madengu kumutu. Anafika dzuwa litakwera, thalauzi lili lofiira mpaka m'mawondo. Atafunsa za a Fines Hamoonga, amalume a Favour, anthu anamulozera kanyumba ka udzu pafupi ndi pokocheza mabwato. A Fines anali pamadzi kuyambira usiku. Pakhomo panali akazi awo, a Elina, akupala mamba a nsomba.

Atamva nkhaniyo, a Elina anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mkaka chokulungidwa m'pulasitiki.

"Khadi ilipo," anatero. "Koma siichoka pano. Ni chinthu chimodzi chamene amake anasiya cholembedwa na dzina la mwana."

"Sinifuna kuitenga, amayi. Nifuna chabe kukopela."

Anakhala pa bwato logadabuzika, naika pepala pabondo, nakopera chilembo chimodzichimodzi monga anamuuzira mkazi wake. Chaka sichinali 1985. Favour anabadwa pa 9 Epulo 1984. Ndipo dzina lake la pakati, limene mwini wakeyo sanalitchulepo kusukulu, linali Mutinta. Lastone anawerenga mokweza zimene analemba, a Elina akutsatira ndi chala pa khadi ngakhale kuwerenga ankakudziwa pang'ono.

"Azalemba mayeso zoona?" anafunsa.

"Azalemba."

A Elina anasankha nsomba zouma zinayi zazikulu n'kuzimanga pa keriya ya njinga. Lastone anayesa kukana, koma iwo anali atamanga kale mfundo yachiwiri.

Pamene iye anali pa ulendowo, kusukulu Bertha ankaitana ana mmodzimmodzi ndi mndandanda uja m'manja. Mwa ana 40, zolembedwa za 39 zinagwirizana ndi makadi awo. Za mnyamata mmodzi mwezi unali wolakwika, ndipo sizinadziwike ngati chinali chifukwa cha kuwonongeka kwa fayilo kapena chala cha Bertha chinaphonya kalekale. Anakonza pomwepo. Lastone atafika madzulo, wotopa mpaka kulephera kutsika bwino panjinga, Bertha analowetsa za Favour, natseka pulogalamu, nakopera pa disiketi asanadzuke pa mpando. Kenako anamutenthetsera mwamuna wake madzi osamba.

Lachisanu m'mawa mafomu 41 anafika ku sukulu ya boma. Mphunzitsi wamkulu anawayang'ana limodzilimodzi, nadinda onse.

Loweruka Bertha ndi Lastone anapita kwa Winfrida. Bertha ananyamula ziwiri mwa nsomba zija, Lastone atasenza choikapo dramu ya madzi chimene anawotcherera dzulo lake, chopaka utoto wabuluu. Anali ataona kuti dramu ya Winfrida imakhala pa njerwa zogwedera.

"Ivi vonse ni vachani?" anafunsa Winfrida akuseka.

"Tilibe mawu yokwana," anatero Bertha. "Mukanakana kubwela, kapena mukanabwela na kunizazila, nikanamvetsa. Koma munakhala na ine maola folo, simunanichititse manyazi ngakhale kamodzi."

"Ana aja ni athu tonse, bamake Mtendere. Koma ngati mufuna kuniyamika zoona, nipatseni Chisanu chanu. Mphindi zisanu chabe."

Anakhala pakhonde n'kugwirizana dongosolo. Madisiketi atatu, olembedwa A, B ndi C, azigwira ntchito mosinthana, kuti imodzi ikawonongeka ina ikhalepo. Lachisanu lililonse Bertha azikopera kaundula, alembe tsiku pa disiketi, ndipo aitsegule kuti aone ngati kopelo likuwerengekadi. Disiketi yatsopano izigona kwa Winfrida. Pakutha pa temu iliyonse azisindikiza kaundula yense papepala n'kumusunga m'kabati ya ku tchalitchi. Akafuna kudzuka pa kompyuta, ngakhale kukangoona mphika, azitseka kaye kaundulayo. Kukayamba mabingu, azizimitsa.

Lastone naye anali ndi gawo lake. Anaitana wodziwa zamagetsi kuti makina owotcherera akhale ndi switchi yawoyawo, yosiyana ndi ya m'nyumba. Anakhomanso msomali pachitseko n'kupachikapo kachitsulo kofiira. Kakakhala kopachikidwa, ndiye kuti amake Mtendere ali pa kompyuta, makina sayaka. Patapita miyezi, komiti ya sukulu inapeza kabokosi ka batire kamene kamasunga kompyuta yoyaka kwa mphindi zingapo magetsi akathima, zokwanira kuti munthu atseke bwino ntchito yake.

Mu Novembala ana onse 41 analemba mayeso. Zotsatira zitatuluka, 27 anasankhidwa kupita ku Giredi 8, ndipo pa mndandanda umene unamatidwa pakhoma panali dzina lakuti Favour Mutinta Hamoonga, lolembedwa monga mayi ake analilembetsera ku sikelo.

Chaka chotsatira, aphunzitsi a sukulu zina za m'madera a Kafue ndi Shimabala anakumana kuti aphunzitsane za kusunga makaundula, popeza ena anali atayamba kulandira makompyuta akale. Anapempha Bertha kuti alankhule. Iye anaimirira ndi disiketi m'manja n'kufotokoza zonse mmene zinachitikira, osasiya za timapepala timene ankakolezera mbaula ndi za madisiketi amene anakhala miyezi inayi m'pulasitiki.

"Ine ninapulumuka chifukwa cha aneba anga," anatero. "Koma si aliyense ali na ba Winfrida pa nyumba yachitatu. Ndiye mverani vamene ananiphunzitsa."

Zimene anawauza ndi zimene tonse osunga mayina a anthu m'kompyuta tiyenera kudziwa. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi ndipo fayilo yakana kutseguka, nthawi zambiri zolembedwazo zimakhala zikadalimo. Musapupulume. Lekani kuitsegula mobwerezabwereza, ndipo musalole munthu kufafaniza zonse kuti makina ayambirenso. Yambani mwakopera fayilo yowonongekayo n'kusunga kope limodzi osaligwira. Kukonza kulikonse kuchitike pa kope lina. Ngati simukudziwa, funsani wodziwa msanga, manyazi asakuchedwetseni. Zimene zabwerera muziyerekeze ndi mapepala enieni, ndipo chimene chasowa mukachifufuze kwa eni ake m'malo mongoganizira.

Koposa zonse, koperani ntchito yanu sabata iliyonse vuto lisanabwere, ndipo kope limodzi lizigona kunyumba ina. Mzere uliwonse m'kaundula ndi munthu, ndipo mphindi zisanu za Lachisanu zikhoza kumupulumutsira chaka chathunthu cha moyo wake.